Chiwongolero cha Galimoto Yakale: Gwero la Mtengo Wake ndi Kusowa Kwake

Nkhani ino ikukhudza chipangizo chimene dalaivala aliyense amachigwira kuyambira ponyamuka mpaka pofika, koma chimene ndi anthu ochepa okha amene amachiona ngati chinthu chokhala ndi mbiri yakeyake, ndipo chipangizocho ndi chiwongolero. Ku Ulaya, ku America, ku Japan ngakhalenso ku South Africa kuli anthu ambiri amene amasunga ndi kukonzanso galimoto zakale, ndipo pakati pa anthu amenewa chiwongolero chenicheni chimene galimoto inatuluka nacho ku fakitale chimafunidwa kwambiri, moti china mwa ziwongolero zosowa chimatha kugulidwa pa mtengo woposa wa galimoto yathunthu yogwirapo kale ntchito imene ikuyenda bwinobwino pa msewu lero. Kuti munthu amvetse chimene chimachititsa zimenezi, ayenera kudziwa mmene ziwongolerozi zinkapangidwira, chimene chinazitha, ndi chimene wogula amakhala akulipira kwenikweni akamatulutsa ndalama zochuluka chotero.

Bungwe la FIVA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966 pofuna kugwirizanitsa makalabu a galimoto zakale a m'mayiko osiyanasiyana, limanena kuti galimoto imatchedwa ya mbiri ngati yatha zaka zosachepera 30, ngati ikusungidwa mmene inapangidwira, ndiponso ngati siikugwiritsidwa ntchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Mfundo yachiwiriyo ndiyo phata la nkhani yonseyi, chifukwa galimoto imene yasinthidwa zipangizo zambiri imatsika ulemu pamaso pa oidziwa, ndipo mwa zipangizo zonse za m'kati mwa galimoto palibe chimene diso limayamba kuchiona kuposa chiwongolero.

Galimoto zoyambirira zinalibe chiwongolero chozungulira. Galimoto ya matayala atatu imene Karl Benz analembetsa ku Germany m'chaka cha 1886 inkawongoleredwa ndi kachitsulo kokhala ndi chogwirira, kamene woyendetsa ankakapotoza kumanja kapena kumanzere. M'chaka cha 1894, pa mpikisano wa galimoto wochoka ku Paris kupita ku Rouen m'dziko la France, Alfred Vacheron anamangirira chiwongolero chozungulira pa galimoto yake ya Panhard, ndipo pofika 1898 kampani ya Panhard et Levassor inali itayamba kuika chiwongolero chotere pa galimoto zake. Kwa zaka zoposa makumi asanu zotsatira ziwongolero zinali zazikulu, zambiri zofika masentimita 40 kapena kuposerapo m'mimba mwake, popeza panalibe makina othandiza kukhotetsa matayala ndipo ntchito yonse inkagwiridwa ndi mikono ya dalaivala. Mkombero, umene ndi mbali yozungulira yogwirapo manja, ukakhala waukulu umachepetsa mphamvu yofunika pokhota, monga mmene sipanala yaitali imamasulira nati imene yakanika ndi sipanala yaifupi. Makina othandiza kukhotetsa matayala pogwiritsa ntchito mphamvu ya mafuta opanikizidwa anayamba kugulitsidwa pa galimoto za anthu wamba m'chaka cha 1951, pa Chrysler Imperial ya ku America, ndipo kufala kwa makinawa pang'ono ndi pang'ono kunachotsa chifukwa chopangira ziwongolero zazikulu.

M'zaka za m'ma 1930, pamene misewu yambiri inali ya mabampu, opanga galimoto anatulukira chiwongolero chimene masipoko ake, kutanthauza timizati tolumikiza mkombero ndi pakati, anali timawaya tachitsulo tondandalikidwa pamodzi m'malo mwa chitsulo chimodzi cholimba, cholinga chake n'chakuti kunjenjemera kochokera ku matayala kuchepe kusanafike m'manja. Kampani ya Bluemel ya ku England inatchuka ndi chiwongolero chamtunduwu chotchedwa Brooklands, chimene eni galimoto zamasewera za MG ankachikonda, ndipo mpaka lero okonza galimoto zimenezi amachifunafuna.

Komabe dzina limene limamveka kwambiri pa nkhani ya ziwongolero zamtengo wapatali ndi la Enrico Nardi, katswiri wa za makina wa ku Italy amene anabadwa m'chaka cha 1907 n'kumwalira m'chaka cha 1966. Nardi anagwirapo ntchito ku kampani ya Lancia ndiponso ndi Enzo Ferrari, ndipo m'chaka cha 1951 anayamba kupanga ziwongolero mumzinda wa Torino. Kapangidwe kake n'koyenera kukafotokoza bwino, chifukwa ndiko kamene kamaonetsa kusiyana kwa ntchito ya manja ndi ntchito ya makina. Amisiri ankayamba ndi chitsulo chopepuka cha aluminiyamu, chimene ankachidula kuti mkombero ndi masipoko atatu zituluke m'chidutswa chimodzi chopanda mowotcherera, kenaka ankatenga timatabwa topyapyala kwambiri, kawirikawiri ta mtengo wa mahogany, n'kutipinda mozungulira ndi kutimata ndi guluu kamodzikamodzi mpaka mkombero utafika pa makulidwe oyenera. Matabwa omatidwa chonchi amalimba kuposa thabwa limodzi losemedwa, chifukwa minyewa ya mtengo imatsatira kuzungulira kwa mkombero ndipo sipakhala malo amene thabwa lingang'ambike mosavuta. Kuseri kwa mkombero ankasemako tizigwa tolowamo zala, kutsogolo ankaikako kamzere kakuda kozungulira, pamwamba pake ankapakapo vanishi kangapo akumakwecha pakati pa kupaka kulikonse, ndipo pomaliza siginecha ya Nardi inkazokotedwa pa limodzi la masipoko. Galimoto zambiri za Ferrari za mtundu wa 250, zimene zinapangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, zinkatuluka ndi ziwongolero zimenezi, ndipo ubale umenewo ndiwo unakweza dzina la Nardi pamwamba pa ena onse. Ku England ntchito yofanana nayo inkagwiridwa ndi Simon Green, amene anayambitsa kampani ya Moto-Lita, komanso Les Leston, yemwe anali woyendetsa galimoto za mpikisano ndipo ankagulitsa ziwongolero za matabwa m'sitolo yake ya mu London.

Ulemerero wa chiwongolero chachikulu cha matabwa sunakhalitse pa mabwalo a mpikisano. Mtaliyana wina woyendetsa galimoto za liwiro, Gianpiero Moretti, anapangitsa chiwongolero chaching'ono cha mkombero wonenepa wokutidwa ndi chikopa, chimene manja ankachigwira mwamphamvu popanda kuterereka ndi thukuta, ndipo John Surtees, Mngelezi amene ndi munthu yekhayo amene anatengapo ukatswiri wa dziko lonse pa njinga yamoto ndi pa galimoto pomwe, anagwiritsa ntchito chiwongolero chotere pa Ferrari imene anapambana nayo ukatswiri wa Formula One m'chaka cha 1964. Umu ndi mmene kampani ya Momo inayambira. Kupambana kwa chiwongolero chachikopa kunabweretsa chotsatira chimene palibe anachiyembekezera, chifukwa achinyamata ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amene ankagula galimoto zamasewera zogwirapo kale ntchito pa mtengo wotsika, ankachotsa chiwongolero cha ku fakitale n'kuikapo chaching'ono chamakono, ndipo chakalecho chinkaponyedwa kuseri kwa galaja kapena kudzala. Nthawi imeneyo palibe ankalingalira kuti Jaguar E-Type, imene inaonetsedwa koyamba ku Geneva m'chaka cha 1961 ili ndi chiwongolero cha matabwa cha masipoko obooledwa, idzakhala chuma chosungidwa, motero zipangizo zake zinkatayidwa popanda wodandaula.

Kusowa kwina kunayambira ku fakitale komweko, chifukwa ziwongolero zina zinapangidwa zochepa kuyambira pachiyambi. Galimoto za Ferrari 250 GTO zinapangidwa zokwana 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, ndipo imodzi mwa izo inagulidwa pa mtengo wa madola 48.4 miliyoni m'chaka cha 2018 ku Monterey m'chigawo cha California, pa okushoni, amene ndi malonda opikisana mitengo pamene katundu amapita kwa wotchula ndalama zambiri. Pa galimoto ya mtengo wotere, mwini wake sangalole kuti chipangizo chimene manja ake akugwira chikhale cholowa m'malo ngati chenicheni chingapezeke. Chitsanzo china chikuchokera ku America, kumene Chevrolet Corvette ya 1965 ndi ya 1966 inkatuluka ndi chiwongolero cha pulasitiki chojambulidwa ngati thabwa, koma wogula ankatha kuwonjezera ndalama zosakwana madola 50 kuti alandire cha mtengo weniweni wa teak. M'chaka cha 1965, pafupifupi wogula mmodzi yekha mwa khumi alionse ndiye anasankha kutero, ndipo kuumira kwa ena asanu ndi anayiwo ndiko kwachititsa kuti chiwongolero cha teak chenicheni chikhale chosowa lero.

Nthawi nayo yawononga zambiri. Ziwongolero za galimoto zochuluka za m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950 zinkapangidwa pothira pulasitiki wa makedzana, wochokera ku ulusi wa zomera, pamwamba pa mphete yachitsulo. Pulasitiki ameneyu amakhala ndi mankhwala omufewetsa amene amauluka pang'onopang'ono, makamaka pa dzuwa, ndipo akamauluka pulasitikiyo amakhwinyata pamene chitsulo cha m'kati sichikhwinyata, motero mkombero umang'aluka m'malo angapo, kenaka zidutswa zimayamba kugwa. Ziwongolero za matabwa zili ndi adani awo, chifukwa chinyezi chikalowa pamene vanishi wasupuka chimamasula guluu, ndipo matabwa ndi aluminiyamu, zimene zimafutukuka mosiyana kukatentha, zimayamba kulekana. Pamwamba pa zonsezi pali ngozi za pa msewu, zimene kawirikawiri zinkapinda kapena kuthyola chiwongolero.

Mfundo ya ngoziyi siyenera kubisidwa chifukwa cha kukongola kwa zinthu zimenezi. Pa galimoto zakale chiwongolero chinkakhala pamwamba pa chitsulo chachitali cholimba chotsikira ku matayala, ndipo galimoto ikagundana maso ndi maso ndi inzake chitsulocho chinkakankhidwira pachifuwa cha dalaivala, amene nthawi zambiri analibe ndi lamba yemwe, pamene mkombero wa matabwa unkatha kuthyoka n'kusiya zisonga zakuthwa. Anthu ambiri anataya miyoyo mwa njira imeneyi. Akatswiri ena anayesa kuchepetsa vutoli kale, ndipo chiwongolero cha sipoko limodzi cha Citroën DS ya 1955 chinapangidwa ndi malingaliro otere. Kusintha kwakukulu kunadza pamene kampani ya General Motors inaika chitsulo chofupika chikagundidwa pa galimoto zake za 1967, ndipo malamulo a boma la America amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1968 anakakamiza opanga onse kuteteza dalaivala ku chiwongolero. Pambuyo pake kunabwera thumba la mpweya, limene limabisidwa pakati pa chiwongolero ndipo limafufuma m'kanthawi kochepa ngozi ikachitika, limene Mercedes-Benz inayamba kugulitsa pa galimoto zake zapamwamba m'chaka cha 1981 ndipo pofika 1998 linali lokakamizidwa pa galimoto zatsopano zonse zazing'ono ku America. Thumbali limafuna malo aakulu pakati, choncho chiwongolero chopyapyala cha masipoko owala sichingabwererenso pa galimoto zatsopano. Malamulowa anapulumutsa miyoyo ndipo anali oyenera, koma ndiwonso anatseka khomo, moti chiwerengero cha ziwongolero zenizeni za nthawi imeneyo chingathe kuchepa kokha.

Ngakhale mitengo yopangira siikupezekanso mosavuta ngati kale. Pangano la mayiko la CITES, limene limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa chiopsezo chakutha, linaika mahogany wa ku Central ndi South America pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo m'chaka cha 2003, ndipo pa msonkhano wa ku Panama m'chaka cha 2022 linawonjezerapo mahogany wa mu Africa, gulu limene muli mtengo wa mbawa umene anthu a ku Malawi ndi ku Zambia amaudziwa bwino.

Kusowa pakokha sikupereka mtengo, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Galimoto ya Austin Allegro, imene inatuluka ku Britain m'chaka cha 1973, inabwera ndi chiwongolero chokhala ngati cha makona anayi, chimene ogula sanachikonde ndipo kampani inachisiya posakhalitsa. Chiwongolerochi n'chosowa ndithu ndipo okonda Allegro amachifuna, koma mtengo wake sungayandikire wa Nardi ya pa Ferrari, chifukwa mtengo wa chiwongolero umatsatira ulemu wa galimoto imene chinapangidwira. Mosiyana ndi chimenechi, Mercedes-Benz 300 SL ya 1954, ya zitseko zotsegukira m'mwamba, inali ndi chiwongolero chopindikira pansi kuti dalaivala athe kulowetsa miyendo podumpha khoma lalitali la m'mbali, ndipo popeza galimotoyo ndi yolemekezeka ndiponso chiwongolerocho chinapangidwira iyo yokha, chenicheni chikapezeka ogula amachilimbirana. Kukwanira kwa zipangizo nako kumawerengedwa, chifukwa chiwongolero chimalumikizidwa ku chitsulo chake kudzera mu habu ya timano tosiyana pa mtundu uliwonse wa galimoto, ndipo pakati pake pamakhala batani la hutala lokhala ndi chizindikiro cha kampani. Batanili ndi laling'ono, limasweka ndi kusochera msanga, motero chiwongolero chokhala ndi habu yake ndi batani lake chimaposa kutali chinzake chimene chatsala mkombero ndi masipoko okha.

Chimene wogula amalipira kwenikweni ndi umboni. Kampani za Nardi ndi Moto-Lita zikupangabe ziwongolero za matabwa mpaka lero, zokongola ndi zolimba, ndipo munthu wongofuna kukongoletsa galimoto yake angagule chatsopano pa mtengo wochepa poyerekeza ndi chakale. Koma chatsopanocho sichingachitire umboni mmene amisiri a ku Torino ankagwirira ntchito m'chaka cha 1960, guluu amene ankagwiritsa ntchito, makulidwe a mkombero amene ankaona kuti ndi oyenera, kapena malo amene manja a mwini woyamba anafufutsa vanishi. N'chifukwa chake kampani ya Ferrari inatsegula nthambi yotchedwa Ferrari Classiche m'chaka cha 2006, imene imayeza galimoto zakale poyerekeza ndi zolembedwa za ku fakitale isanapereke chikalata chotsimikiza kuti ndi zenizeni, ndipo n'chifukwa chakenso pa chionetsero cha Pebble Beach ku California, chimene chinayamba m'chaka cha 1950, pali gulu lapadera la galimoto zimene sizinakonzedwenso, zimene zimaweruzidwa potengera kusamalidwa kwa zipangizo zake zoyambirira.

Pamene pali ndalama zotere achinyengo sasowa. Kupanga chiwongolero chofanana ndi chakale n'kuchigulitsa monga chatsopano ndi malonda abwino amene amathandiza galimoto zambiri kukhalabe pa msewu, koma kuchidetsa dala, kuzokotapo siginecha yabodza ndi kuchigulitsa ngati chenicheni ndi kuba. Odziwa ntchitoyi amayang'ana kuseri kwa masipoko, kumene opanga ena ankadindako zilembo kapena chaka, amayeza kukula kwa mkombero ndi katalikirana kwa mabowo a mabawuti, amaona ngati siginecha inazokotedwa ndi dzanja kapena ndi makina amakono, ndipo koposa zonse amafunsa kumene chiwongolerocho chakhala zaka zonsezi. Chiwongolero chokhala ndi zithunzi zakale, malisiti kapena mbiri yodziwika ya galimoto imene chinachokerako chimakhulupirika kuposa chonyezimira chimene wogulitsa sangafotokoze gwero lake.

Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti ziwongolero zambiri zimene zinapulumuka ku dzuwa, ku ngozi ndi ku dzala zikuwonongedwa ndi anthu a zolinga zabwino. Mmisiri akakwecha masipoko mpaka kuwala ngati galasi amafufuta zilembo za ku fakitale, akachotsa matabwa onse n'kuikapo atsopano amasiya chitsulo chokha monga chotsala cha chinthu chakale, ndipo akathira vanishi wokhuthala wamakono amabisa maonekedwe a mtengo amene wopanga anafuna kuti aoneke. Chikalata cha Torino, chimene bungwe la FIVA linayamba kuchitsatira m'chaka cha 2013, chimalimbikitsa kusunga zipangizo zoyambirira mmene kungathekere ndi kulemba bwino kusintha kulikonse kumene kwachitika, ndipo uphungu umenewu ndi wanzeru. Chiwongolero chimene matabwa ake alekana ndi chitsulo sichiyenera kuyendetsera galimoto, chifukwa moyo wa munthu ndi wofunika kuposa mbiri ya chipangizo, koma njira yabwino ndi kuchimasula mosamala, kuchisunga pamodzi ndi mapepala a galimotoyo, ndi kuyendera chatsopano chofanana nacho.

Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe kudakali galimoto zakale zimene zinaima kalekale kuseri kwa nyumba, m'magalaja ndi m'maesiteti, monga Peugeot 404, Land Rover zoyambirira, Morris Minor ndi Volkswagen Beetle, imene inkapangidwanso ku Uitenhage m'dziko la South Africa mpaka chaka cha 1979. Ziwongolero za galimoto zimenezi zinapangidwa zambirimbiri ndipo sizingalemeretse munthu, choncho palibe ayenera kuyembekezera ndalama za Ferrari. Komabe okonza galimoto zotere amazifuna zikakhala zosang'aluka ndiponso zili ndi batani lake, ndipo mtengo wake kwa iwo umaposa umene wogula zitsulo zakutha amapereka poyeza pa sikelo. Anthu amene ali ndi galimoto yotere pakhomo akupemphedwa kuti aphimbe chiwongolero chake ku dzuwa ndi ku mvula, asachipake penti kapena kuchikwecha, asunge bwino buku la umwini wa galimotoyo, ndipo asanaigulitse kwa ophwasula ayambe afunsa makaniko wodziwa galimoto zakale kapena kalabu ya osunga galimoto zotere.